Zikomo kwa a Musée Louis de Funès ku Saint-Raphaël

Kwa akuluakulu oyang'anira malowa,

Ndikulemba mtima uli m'malo, zomwe sizichitikachitika ndikachoka pakauntala kuno ku France. Bambo anga atabwera kudzacheza kuchokera kumudzi ndidawatengera malo angapo otchuka, koma tidaona zakuda. Mzere wautali, wa pawindo osadzutsa n'komwe mutu, yankho lake n'kukhala loti tikaone pa intaneti. Kwina chikepe chinali chitafa, adangotilozera masitepe, nkhalamba yoyendera ndodo! Kwina ndidapempha mpando, adandiyang'ana ngati ndapempha ng'ombe. Mayina sinditchula, eni ake akudzidziwa.

Tsono pofika kwa inu, kunyumba yosungira mbiri ya katswiri wa mafilimu oseketsa Louis de Funès, ndinali nditakonzekeratu kukangana.

Za matikiti zidatha msanga, ndilibe nazo mawu. Nkhani ndi ya mayi amene adatilandira pakhomo. Adaona ndodo ija tisanayankhule, adabwera ndi mpando, ndipo bambo akasuntha, iwo ankaunyamula okha. Atamva kuti bambo sadziwa Chifalansa adaseka, nati kwa de Funès womasulira safunika kwenikweni, nkhope yake imanena zonse. Adayenda nafe pang'onopang'ono, osayang'ana wotchi, akufotokoza ine ndikumasulira: kuti adabadwa mu 1914 ku Courbevoie kwa makolo ochokera ku Spain, kuti adatha zaka zambiri akuimba piyano m'mabala a ku Paris ndi kutola timbali ting'onoting'ono m'mafilimu, mpaka mu 1964, ali ndi zaka 50, pomwe mbali ya wapolisi wolusa wa ku Saint-Tropez idamutchukitsa. Filimu ya mu 1966 yotchedwa La Grande Vadrouille, yomwe adasewera ndi katswiri mnzake Bourvil, idaoneredwa ndi anthu oposa 17 miliyoni. Bambo, munthu wosaseka wamba, adaseka mpaka misozi ataona de Funès akutong'ola maso ndi kukalipira omutsatira kwinaku akunyambita mabwana. Akuti maofesi ena amene tidapitako adawazindikira pomwepo.

Mayiwo ataona manja a bambo adafunsa ngati amalima. Kenako adawauza kuti de Funès ankakonda kwambiri dimba ndi maluwa kunyumba yake pafupi ndi Nantes, mpaka pomwe adamwalira mu 1983. Bambo mpaka lero amangoti mlimi mnzawo uja.

Dzina la mayiwo sindilemba pagulu, koma ndalitumiza ku ofesi yanu. Chonde abwana awo amve zimenezi, ndipo muwauze mayiwo kuti bambo akupereka moni.

Ine wanu woyamikira,
Mmalawi wokhala ku Marseille