Lipoti la ulendo wanga wa ku Lilongwe ku maphunziro a makochi a mpira

A Tcheya, akuluakulu a komiti ndi makochi anzanga nonse a mu zoni yathu kuno ku Nkhotakota, ndabwerako kuja munandituma ndipo ndati ndilembe pompano zisanazizire. Ndinanyamuka pa Boma Lachitatu m'mawa kudzera ku Salima. Malisiti a thiransipoti ndi malo ogona ndapereka onse kwa a msungichuma, amene akufuna akaone, poti ndamva kale zoti ena akuti ndinapita kukadya alawansi basi.

Tsiku loyamba m'mawa kunali malonje ndi zolankhula za alendo olemekezeka, kenako za mafomu olembetsera osewera zomwe tikuzidziwa kale. Koma masana ake abale, kunabwera mayi wina wa fiziyo, katswiri wa za minofu ndi mafupa, atanyamula mafupa apulasitiki a chiuno ndi mwendo komanso malabala, nkumamangirira labala aliyense pomwe mnofu umayambira ndi pomwe umathera. Ine zaka zonsezi ndikuphunzitsa mpira ndimangoti ntchafu ndi ntchafu, osadziwa kuti muli magulu ndipo gulu lililonse limavulala mwanjira yake.

Kutsogolo kwa ntchafu kuli minofu 4, dzina lake quadriceps, yonse imakakumana pa bondo ndipo ndi imene imawongola mwendo mwana akamamenya shoti. Mwa inayiyo umodzi wokha, rectus femoris, ndi umene umayambira pa fupa la chiuno kudutsa mfundo ziwiri, ya m'chiuno ndi ya pa bondo, nchifukwa chake ndi umene umakonda kukokeka mwa anyamata omenya ma golokiki ndi ma firikiki. Kumbuyo kuli minofu 3, ma hamstring aja timangowamva pa wailesi. Anatiuza aliyense akhale pa benchi nkupisa dzanja pansi pa thako, kafupa kolimba komwe timakhalira kaja ndi pomwe amayambira, nkutsika mpaka kudutsa bondo kukagwira mafupa a m'munsi. Mkati mwa ntchafu cha m'mphechepeche muli ena otchedwa adductor, okokera mwendo mkati, amagwira ntchito popatsira ndi mkati mwa phazi komanso potembenuka mwadzidzidzi. Ndiye kuli a m'matako, gluteus maximus womwe ndi mnofu waukulu kuposa yonse m'thupi, ndi wina wam'mbali mwake gluteus medius wogwira chiuno kuti chisapendeke munthu akaima ndi mwendo umodzi. Tangoganizani, pomenya mpira paliponse mwana amakhala waima ndi mwendo umodzi.

Chomwe chinandidabwitsa kwambiri nchoti hamstring simakonda kung'ambika pomwe phazi likukankha pansi monga ndimaganizira ine ayi, koma pomwe mwendo waponyedwa kutsogolo pa liwiro phazi lisanaponde, mnofuwo ukugwira buleki uku ukutambasuka. Nchifukwa chake winga amangoti akuthamanga yekhayekha popanda womugunda nkugwira kumbuyo kwa ntchafu nkugwa, ife kunja nkumati amuponyera zinthu a timu inayo. Ndikunena izi chifukwa gemu ija ya ku Benga inatsala pang'ono kuthera m'zibakera pa nkhani yomweyi, ndipo mpaka lero matimu awiriwo sapatsana moni bwinobwino.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna timvane. Mayiwo anafunsa kuti mwana akagundidwa ndi bondo pa ntchafu mumatani, pafupifupi holo yonse tinayankha kuti timasisita mwamphamvu ndi mankhwala otentha aja, madzulo nkumuthowa ndi madzi otentha. Anati mkatimo mumakhala mukutuluka magazi, ndiye kusisita ndi kuthowa masiku awiri kapena atatu oyambirira kumangowonjezera, ndipo nthawi zina magazi oundanawo amasanduka kafupa mkati mwa mnofu, bondo nkumakanika kupinda kwa miyezi. Chofunika nkumutulutsa mu gemu, kuika ayezi wokulunga mu kansalu kwa mphindi 15 mpaka 20, kumanga bandeji ndi kukweza mwendo. Ine ndinakhala chete mtima ukundiwawa chifukwa ndinakumbuka mnyamata wanga wa nambala 7 chaka chatha mu semi fainolo. Ndinati atuluke, akuluakulu ena a komiti yomwe ino anatsika pa mpando nkumati msisiteni abwerere tikufuna chikho, ndipo ine ndinagonja nkumusisita ndi manja angawa. Mwana uja sizoni yonse sanasewerenso, pano amangopalasa kabaza motsimphina ndipo palibe mmodzi wa ife anapitako kukawaona makolo ake. Ndalama ya bokosi la fesiti edi yomwe tinasonkha timu iliyonse nthawi imene ija nayonso sitinamve kuti inathera pati, ndinafunsa kawiri pa miting'i ndinauzidwa kuti si ajenda.

Wina asanene kuti ayezi tiupeza kuti kumudzi. Mafirizesi amagulitsidwa pa bwalo lililonse tsiku la gemu, awiri atatu mu kansalu akwana.

Kwa amene muli ndi ma anda 17 mumvetsetse ichi. Mwa ana omwe akukulabe, malo omwe mnofu umagwira fupa la chiuno amakhala asanakhwime, ndiye mnofu utha kuzula kachidutswa ka fupa m'malo mong'ambika wokha. Mwana akamva kuti thwa pansi pa thako kapena kutsogolo kwa chiuno nkumalephera kuponda, ameneyo ndi wa ku chipatala akamujambule, osati kukamutema mphini. Mayi wa fiziyo uja anatinso mwana wotsimphina yemwe akudandaula bondo koma bondolo osatupa, vuto litha kukhala m'chiuno.

Tsiku lachiwiri tinali pa bwalo kuphunzira wamu apu (kutenthetsa thupi gemu isanayambe) yotchedwa FIFA 11+, imatenga mphindi pafupifupi 20 ndipo sifuna chipangizo chodula. Muli ekisesaizi ina yotchedwa Nordic, wosewera amagwada mnzake nkumugwira akakolo, iye nkumagwera kutsogolo pang'onopang'ono akudziletsa ndi minofu yakumbuyo ija. Mabwalo athu ndi ouma ngati simenti nthawi ya chilimwe, koma ife mchenga wa kunyanja tili nawo waulere, a ku Chia ndi a ku Linga palibe chowiringula. Masana kunali za malipoti a pa kota, tinangolandira mapepala.

Pomaliza anthu a ku maphunziroko anagwirizana kuti timu iliyonse izikhala ndi munthu mmodzi wophunzitsidwa fesiti edi, yopanda munthuyo izilipira faindi. Ine za munthuyo ndinavomera koma za faindi ndinakana poyera, matimu athu amasonkherana ndalama ya lole movutikira, faindi ingowathamangitsa mu ligi. Komanso vuto lathu lenileni ndi loti timu imafika mochedwa ana atapanikizana pa lole kuchokera ku Mwansambo miyendo itachita dzanzi, refu nkuimba wezulo pompo chifukwa dzuwa likulowa. Ndikupempha kuti tiike lamulo lathu, gemu isayambe alendo asanapatsidwe mphindi 20 za wamu apu, ngakhale zitatanthauza kudula mphindi zisanu hafu iliyonse.

Loweruka likubwerali 7 koloko m'mawa ndidzakhala pa bwalo la pa Boma, kochi aliyense abwere ndi kaputeni wake ndi chitenje chogwadira ndidzakuonetseni zonsezi. A Tcheya, nkhani ya bokosi ija ndikupempha ilowe pa ajenda ya miting'i ikubwerayi.