Ndimukweze basi kapena ayambe wachira?

Okondedwa Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 36, kwathu ndi ku Dedza, koma ndimakhala ku Pretoria kuno ku Joni komwe ndimagwira ntchito ya m'nyumba. Nkhani yandilembetsa kalatayi ndi ya mlongo wanga, mzime wa m'nyumba mwathu, wobadwa mu 1998. Dzina lake ndilisunga. Amupeza ndi matenda a chiwindi otchedwa hepatitis C, ndipo anawatengera m'majakisoni odzibaya mankhwala osokoneza bongo. Kumudzi akufuna ndimukweze basi mwezi uno. Kuchipatala akuti asachoke. Amuna anga akuti kaya Dedza kaya kuti, bola atuluke m'nyumba muno.

Anabwera kuno mu 2019, ndalama ya ulendo ndinatumiza ndine. Anali mnyamata wolimbikira, anapeza ganyu yotsuka magalimoto ndipo chaka choyambacho anaumbitsa njerwa kumudzi. Covid itafika mu 2020 boma n'kutseka chilichonse, ntchito inathera pomwepo. Anasamukira kwa anzake m'tauni, ati azisaka maganyu pafupi. Uko n'kumene anakumana ndi nyaope. Owerenga a kumudzi mwina sanaimvepo. Ndi ufa wa heroin wosakaniza ndi zinthu zina, amauwaza pa chamba n'kumasuta. Ku Durban amati whoonga. Munthu akazolowera, akangousowa maola angapo m'mimba mumapotokola, mafupa kuphwanya, thukuta, kusanza, kutsegula m'mimba. Anasuta kwa nthawi ndithu, mpaka ndalama zitayamba kuperewera anzake anamuuza kuti kapaketi komweko ukakabaya mumtsempha kamagwira kuposa kusuta.

Ndinamufunsa ngati ankabwerekana jakisoni. Akuti singano ankayesetsa kukhala ndi yakeyake chifukwa ankaopa Edzi. Koma chotsekera botolo chosungunuliramo ufawo chinali chimodzi, madzi amodzi, kathonje kosefera kamodzi, gulu lonse. Tsiku lina singano yake ikabuntha ankangotsukuluza ya mnzake ndi madzi. Anamwino atamva zimenezo anangogwedeza mutu. Akuti kachirombo ka hepatitis C kamayenda m'magazi, kadontho kosaoneka n'komwe ndi maso n'kokwanira, ndipo kamakhala ndi moyo kunja kwa thupi masiku ambiri kuposa ka HIV. Madzi sakapha. Anawonjezera kuti kuno ku Pretoria ambiri mwa anthu odzibaya ali nako, ngakhale ena amene HIV alibe. Zija zinatchuka m'manyuzipepala a kuno mu 2017 zotchedwa bluetooth, zopopa magazi a mnzako amene wabaya kale n'kudzibaya nawo, akulumbira kuti sanachitepo. Ndamukhulupirira, ngakhale kuti munthu wa nyaope akamalumbira umamvera khutu limodzi.

Sikuti anapita kuchipatala chifukwa cha chiwindi ayi. Anafika pakhomo panga ndi chithupsa chachikulu pamkono, atawonda, atavala juzi dzuwa likuswa mtengo. Mnzanga wa kutchalitchi ndiye anatilozera ku COSUP, pulogalamu ya mzinda wa Tshwane ndi yunivesite ya Pretoria yomwe inayamba mu 2016. Kumeneko amapereka masingano atsopano kwa amene sanasiye, komanso mankhwala akumwa otchedwa methadone kwa amene akufuna kuleka kubaya. Anthu ambiri, amuna anga omwe, amati kugawa masingano n'kulimbikitsa khalidwe loipa. Ine amene ndaona mapepala a magazi a mlongo wanga ndimati akanakhala kuti ankatenga zakezake zatsopano nthawi zonse, chosungunulira ndi madzi omwe, bwenzi lero tikulimbana ndi vuto limodzi, osati awiri. Ndipo makolo a kumudzi amve izi: pamzere paja ndinamvapo anyamata ena akulankhula Chichewa.

Anamutumiza kukayezetsa magazi. HIV alibe, tikuthokoza Mulungu. Hepatitis B alibenso, ndipo anamuyambitsa katemera wake. Msuweni wathu yemwe ndi mlangizi wa zaumoyo anandiuzapo kuti ku Malawi katemera ameneyu anayamba kuperekedwa kwa makanda mu 2002, ndiye ife obadwa kale anatiphonya. Koma hepatitis C inapezeka. Anayeza kawiri. Kuyeza koyamba kobaya pachala kuja kumangosonyeza kuti kachirombo kanalowapo m'thupi, poti pali ena, pafupifupi anthu 3 mwa 10, amene thupi lawo limakachotsa lokha. Tinadikira zotsatira za ku labu tikupemphera kuti akhale mmodzi mwa amenewo. Zinabwera zosonyeza kuti kadakalimo.

Chovuta kufotokozera abale n'chakuti munthuyo sakuoneka wodwala chiwindi. Maso si achikasu, mimba sinatupe, ndipo chiyambireni methadone nsima akudya bwinobwino. Adokotala akuti ndiye khalidwe lake matendawa. Amadya chiwindi mwakachetechete ngati chiswe mu nsichi, zaka 10, zaka 20, mpaka tsiku lina mudzangomva kuti chiwindi chauma kapena chagwidwa khansa.

Katemera wa C kulibe. Koma mankhwala alipo, ochiziratu, osati akumwa moyo wonse ngati ma ARV. Ndi mapiritsi a tsiku lililonse kwa milungu 12, dzina ndinalemba papepala, sofosbuvir ndi linzake, ndipo anthu oposa 95 mwa 100 amachira akamwa mwandondomeko. Akamaliza amadikiranso milungu ina 12 n'kuyezanso magazi kuti atsimikize. Ndiye tikunena za theka la chaka ali kuno, kuwerengera kuyambira tsiku lomwe adzameze piritsi loyamba. Mankhwalawa sapezeka pa kiliniki iliyonse, amulembetsa ndipo tikudikira kuitanidwa. Anatichenjezanso kuti kuchira sikum'patsa chitetezo: akabwerera ku jakisoni wobwerekana, atenganso.

Tsopano za kumudzi. Amayi ndinangowauza kuti mwana wanu akudwala chiwindi. Za jakisoni sindinatchule, ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo liwu loti heroin sanalimvepo chibadwire. Iwo atangomva za chiwindi anakumbukira njerwa zija. Akuti mwana anali bwinobwino mpaka anthu ataona uvuni pakhomo. Amalume anaimba foni, osafunsa n'komwe kuti wadzuka bwanji. "Iwe, mwana wa mlongo wanga usamusunge kuchilendo. Akafera komweko, ndalama yonyamulira maliro uli nayo?" Funso limenelo limapweteka chifukwa aliyense wa kuno amadziwa momwe timasonkherana kuti thupi likafike kumudzi. Apeza kale sing'anga wa kutsidya kwa malire, ku Angonia, ati ndi katswiri wa zolodzedwa. Ine ndikamva za mabotolo a zitsamba mtima umagunda, chifukwa adokotala ananenetsa kuti chiwindi chodwala chisapatsidwe ntchito ina: mowa ayi, mankhwala osadziwika ayi, ngakhale panado asamangomwa chimwereni. Ndipo kwathu kuja kachasu sasowa, anzake akale onse ali komweko, munthu wochokera ku Joni samusiya kukhosi kouma.

Chachikulu kuposa zonse ndi methadone. Amamwa tsiku lililonse ndipo saloledwa kungosiya mwadzidzidzi, amachepetsa pang'onopang'ono kwa miyezi. Basi yochoka ku Park Station kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete imatenga masiku awiri ngati pamalire pasanavute. Ululu uja udzamupeza asanaoloke Zambezi. Ndipo akafika, m'mawa mwake akamwa chiyani? Tinazionapo kale. Pa Khirisimasi ya 2023 anapita kumudzi ali kale pa jakisoni, ife osadziwa. Anangofikira pamphasa, kunjenjemera, kusanza, anthu n'kumati malungo. Atangopeza mphamvu pang'ono anathawira konkuno, ndipo akuvomera yekha kuti asanafike pakhomo panga anayamba wadzera kwa anzake aja. Anamwino anandiuzanso choopsa china, chakuti munthu akasiya kwa kanthawi thupi limaiwala, ndiye akadzabaya mlingo womwe ankabaya kale akhoza kufera pomwepo.

Amuna anga sindingawanene kuti ndi ouma mtima. M'nyumba muno munasowa simbi, munasowa foni ya mwana, munasowa ndalama ya lendi, ndipo tonse tikudziwa kumene zinapita. Nyumba yathuyi ndi ya chipinda chimodzi ndi pabalaza, ana awiri. Chiyambireni methadone sikunasowe kanthu, koma iwo akuti n'kale liti. Amuikira kapu yake, mbale yake, supuni yake, ndipo ana awaletsa kukhala naye pampando umodzi. Ndawafotokozera zomwe anatiuza kuchipatala, kuti kachiromboka sikayenda m'mbale, m'thukuta kapena pogwirana chanza, kuti zoyenera kusamala ndi lezala, mswachi, chowengera zikhadabo, ndi magazi munthu akadzicheka. Iwo amangoti, "Mayi, adokotala anuwo sagona m'nyumba muno." Chodabwitsa n'chakuti makina ometera ndevu ankagwiritsa ntchito amodzi ndi mlamu wawoyo, koma ndikawauza kuti tiyeni tikayezetse akuti iwo sadwala. Ine ndinayezetsa, ndilibe. Mbale akuiopa, makina omwe amatha kucheka khungu sakuwawerengera.

Palinso za mapepala. Ake anatha kalekale, ndipo akangomugwira mumsewu n'kupita naye ku Lindela, komwe amasungirako alendo oti abwezedwe kwawo, ulendo wa kumudzi udzachitika wokha popanda wotifunsa.

Koma yomwe ikundisowetsa tulo ndi ya mlamu wanga. Mlongo wangayu ali ndi mkazi kumudzi, ndipo ulendo wa Khirisimasi uja unasiya mimba. Mwana anabadwa mu 2024. Kuchipatala akuti hepatitis C siyenda kawirikawiri pogonana pakati pa mwamuna ndi mkazi wake, komabe si kuti sizichitika, ndiye ndi bwino mkaziyo ayezetse. Akapezeka alibe, za mwana palibe chodandaula. Akapezeka nako, mwanayo ayezedwe atakwanitsa miyezi 18, chifukwa makanda pafupifupi 5 kapena 6 mwa 100 obadwa kwa amayi otere amatengera. Kuyamwitsa akuti si vuto.

Mlongo wangayo wandigwadira. Akuti, "Achemwali, mukangomuuza za jakisoni banja latha, kwawo amutenga." Akufuna achire kaye, akapite alibe kanthu m'magazi, nkhani ife yokha. Ine ndine mkazi. Ndikanakhala ine ndili ku Dedza ndikulera mwana ndekha, ndikanafuna kudziwa. Mtsikanayu amandiimbira mwaulemu, amafunsa kuti alamu, bambo ake a mwanayu bwanji sakutumiza ngakhale ya sopo? Ndimamuyankha kuti ntchito zavuta. Koma matenda ndi a mlongo wanga, ndipo alangizi a kuchipatala akuti woyenera kuulula ndi mwini wake. Iwo akuyankhula za ufulu wa wodwala, ine ndikuona mtsikana wa eni ake amene sanalakwe kanthu.

Ena anena kuti ndingomutaya, ndi wamkulu, anasankha yekha. Kwathu sizitero. Mlongo wako ndiye mwini mbumba. Amalume akadzatsamira mkono, ana anga adzayang'ana kwa iyeyu, ndipo mwana wanga wamkazi akadzapeza banja nkhoswe ndi iye. Chibale ndi fupa, amatero akuluakulu, ndipo ine mlongo ndili naye mmodzi yekhayu.

Azakhali, inu muli pafupi ndi madokotala a kumudziko, ndifunsireniko. Munthu wa hepatitis C akafika ku Malawi lero, akalowe khomo liti? Magazi otsimikizira aja akayezetse ku Kamuzu Central kapena ku Queens, kapena pa chipatala cha boma pa Dedza pomwepo n'zotheka? Mapiritsi a milungu 12 aja amapezeka, ndipo ngati ndi ogula, ndi ndalama zingati? Nanga methadone? Ndimamva kuti ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso ku chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba, amathandiza ofuna kusiya mowa ndi chamba. Munthu wa heroin angamulandire? Ngati zonsezi ziliko, ndimukweza basi ndi mtima woyera, amuna anga apume. Ngati kulibe, ndiphunzitseni mawu oti ndiwauze amalume popanda kuoneka mwana wamwano, poti mukudziwa kuti mwana wamkazi kukana mawu a mwini mbumba pa foni si chinthu chapafupi. Kodi ndiwauze iwo okha zoona zonse, amayi osamva? Amalume athu akamwa pang'ono sasunga nkhani.

Maganizo anga ndi oti akhale kuno mpaka magazi omaliza aja atatuluka. Ndikhoza kumupezera kachipinda ku Mamelodi ndi ndalama zanga za chipereganyu kuti banja langa lisagwedezeke, koma ndikuopa kuti akakhala yekha anzake aja amupeza sabata isanathe. Ndikamusunga muno, mwina wotuluka akhala amuna anga. Pamenepa mungandilangize chiyani?

Nanga mlamu wanga ndimutani? Ndimuikire mlongo wanga tsiku loti aimbe yekha, akalephera ndiimbe ine? Kapena ndingomuuza mtsikanayo kuti akayezetse chiwindi, osatchula kumene matendawa anachokera? Chonde yankhani msanga. Amalume anena kuti aimbanso kumapeto kwa mwezi, akufuna kumva tsiku la basi.

Ine mchemwali wothedwa nzeru,
Pretoria