Mbawala za ku Michigan zikundithera zitsamba

Achimwene,

Kalata yanu yafika. Za mwana wa alamu ndamva, muwayamikire; kamphatso ndituma abusa akamabwerera. Koma inu mpaka kundiseka kuti ndinakwera ndege kudzalimira mbawala? Inuyo amene mbuzi za amalume zinakutherani mbatata muli khale pakhonde!

Imvani bwino. Malo osakirako a abwanawa ali ku Michigan, kuno ku America, kungodumpha malire kuchokera ku mzinda wa South Bend wa ku Indiana, ndipo kuno kusaka ndi mfuti kumatsegulidwa pa 15 November. Mbawala zamchira woyerazi sizikhala poyera. Zimafuna pobisala, komanso nsonga za zitsamba zoti zizibudula udzu wonse ukakwiririka ndi chipale chofewa. Mukapanda kuzikonzera, zimasamukira kwa aneba.

Chakumsewu tinadzala Norway spruce, mtengo wonga paini, mizere iwiri kuti odutsa pagalimoto asamasuzumire. Umenewo sundivuta, mbawala siziukonda kwenikweni. Chondisowetsa tulo ndi red osier dogwood, kachitsamba ka nthambi zofiira kamene tadzala kudambo. Kudzala kwake n'kosavuta, mumangodula nthambi n'kuzika m'dothi lonyowa ngati chinangwa. Koma mbawala zimakakonda koopsa, moti zimakadya mpaka pansi mizu isanagwire. Ndiye kachitsamba kalikonse kamafuna khola lake la waya, lofika pachibwano, mpaka kakule. Lachiwiri ndinapeza khola lina mphepo italigwetsa. Masamba onse psiti, kwangotsala timitengo tonyenyeka kunsonga, pakuti nyamazi zilibe mano akutsogolo akumwamba, zimachita kukadzula. Zamphongo nazo zikayamba kukwecha nyanga mu October zisenda makungwa. Ndikagona ndimangomva mphepo, mtima uli kudambo, kuti kaya lagwanso liti. Mawa ndikakhomera zikhomo ziwiriziwiri, ngakhale zala zikuchita dzanzi ndipo nkhupakupa za kuno zimapatsa matenda a Lyme.

Abwana amafuna tionjezere autumn olive, chitsamba chobwera cha tizipatso tofiira, poti imakula msanga. Ndinawakaniza. Kale aboma omwe ankalimbikitsa anthu kuidzala, koma mbalame zinamwaza njere paliponse, yalanda tchire, ndipo pano kuigulitsa n'koletsedwa. Tagwirizana za American plum, chitsamba cha zipatso, ndi hazelnut, chitsamba cha mtedza. Plum ameneyu amaphukira kumizu n'kupanga chiyangoyango choti mbawala igoneke mwana osaoneka.

Pozika nthambizi ndi pamene malemu bambo amandibwerera m'maganizo. Munda wathu wa ku Dedza wagona chaka chachitatu, ine ndili kuno kusamala chakudya cha nyama za eni. Zimandiwawa, achimwene, ndipo ndilibe womuuza. Mukapita kumudzi mukaone ngati mibawa ija kumalire idakalipo, chifukwa achemwali akungoti zonse zili bwino, osanena zambiri.

Za malata a nyumba ija ndinafuna ndikufotokozereni bwinobwino, maka za mmisiri, koma pepala latha ndipo maso akulemera. Mungomuuza kuti asayambe kukhoma mpaka