Malaibulale asunge chinsinsi chathu m'nthawi ino ya AI

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene Amalawi ambiri kuno ku Johannesburg sitikuilabadira. Ambirife tilibe kompyuta kunyumba. Tikafuna kulemba CV, kalata yofunsira ntchito kapena ya ku Home Affairs, timathamangira ku laibulale, kumene intaneti ndi yaulere. N'chifukwa chake tinakondwa Johannesburg City Library itayambanso kulandira anthu mu 2025, itakhala yotseka kwa zaka zingapo.

Komatu masiku ano anthu sakudzilembera okha. Munthu amatsegula ChatGPT kapena Gemini, mapulogalamu a AI (nzeru zopangidwa za makompyuta) amene amayankha mafunso ndi kulembera anthu, n'kuyamba kukhuthula zonse: dzina lake, nambala ya pasipoti, tsiku limene pemiti inatha, dzina la bwana amene akumukaniza malipiro, ngakhale matenda amene akuchita manyazi kuwauza adokotala. Zimenezi sizithera pa kompyuta ya laibulaleyo ayi. Zimakasungidwa ku makina a kampani yakunja, ndipo kampaniyo ikhoza kuphunzitsira nazo makina ake ngati munthuyo sanaletse. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi: nthawi yake ikatha, ena akudikira pamzere, munthu amangonyamuka osatuluka mu akaunti yake. Wokhalapo pambuyo pake amapeza zonse zili poyera. Kwa ife alendo, m'nyengo ino imene magulu ena akhala akuima pazipata za zipatala n'kumafunsa anthu ziphaso, iyi si nkhani yoseketsa.

Lamulo loteteza chinsinsi cha munthu kuno ku South Africa ndiye lilipo. POPIA, imene inayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021, imateteza aliyense, osati nzika zokha, ndipo abale athu ambiri sadziwa zimenezo. Nkhani za umoyo ndi chipembedzo imaziika m'gulu lofuna chitetezo chapadera, imaikanso malire pa kutumiza zokhudza munthu kunja kwa dziko. Ofesi ya Information Regulator, imene imayang'anira lamuloli, ikhoza kulipiritsa wophwanya lamuloli mpaka R10 miliyoni. Nalo bungwe la malaibulale padziko lonse la IFLA linatulutsa chikalata mu 2015 cholimbikitsa malaibulale kuteteza chinsinsi cha owerenga. Koma lamulo silizimitsa kompyuta, ndipo mayi amene pemiti yake inatha sangapite kukadandaula ku ofesi ya boma.

Choncho udindo ukugwera oyendetsa malaibulale. Kompyuta iliyonse izifufuta yokha zonse munthu akangomaliza. Si zodula zimenezo. Pambali pake pakhale chenjezo lalifupi loti osalemba nambala ya pasipoti kapena za matenda m'makina a AI, ndipo lisakhale m'Chingerezi chokha: isiZulu, Sesotho, Chishona ndi Chichewa zikhalepo, chifukwa olankhula zinenerozi ndi amene akukhala pamipandopo. Ndipo makampani akabwera ndi mapulogalamu osankhira munthu mabuku potengera zimene anabwerekapo kale, akuluakulu afunse kaye kuti mndandandawo ukasungidwa kuti, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo auona ndani. Kwa ine, buku likabwezedwa dzina la wobwereka lizifufutidwa basi. Mtsikana wobwereka buku la za HIV kapena za nkhanza za m'banja sayenera kusiya mbiri yoti makina aziisanthula.

Kumudzinso tili ndi lamulo lotere la 2024, limene MACRA ndiyo ikuliyang'anira. A National Library Service ayambiretu kukonza zimenezi makompyuta asanachuluke m'malaibulale awo.

Wowerenga wanu,
Yeoville, Johannesburg