Kalata kwa mwana wanga womenya nkhonya

Matawale, Zomba

Mwana wanga,

Kuno tonse tili bwino, ndipo amayi ako akupereka moni. Ndalemba chifukwa cha funso lija unandifunsa pafoni, loti kodi n'zoona kuti chibwano cha munthu wankhonya chimatha. Unafunsa ngati nkhani yocheza chabe, koma ine ndinamva kuti mtima wako suli m'malo, poti pa nkhonya ziwiri zapitazi wagwa ndi zibakera zomwe kale ukanangozipukusira mutu. Inde mwana wanga, chimatha, ndipo chikatha sichibwereranso.

Chomwe anzako amachitcha chibwano, kutanthauza mphamvu yopirira zibakera osagwa, si fupa la pansi pa mlomoli ayi. Nkhani ili mu ubongo. Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4, ndi wofewa ngati peyala lakupsa, ndipo umayandama m'timadzi m'kati mwa chibade. Chibakera chikatera kunsonga kwa nsagwada, nsagwadayo imakhala ngati chogwirira cha sipanala: imapotola mutu wonse mwadzidzidzi. Chibade chimayamba kutembenuka, ubongo umatsalira pang'ono, ndiye timitsempha tating'onoting'ono tonyamula mauthenga timakokeka, tina n'kuduka. Mauthenga akasokonekera kumunsi kwa ubongo, komwe kumasunga munthu ali maso, miyendo imangolekerera yokha. N'chifukwa chake hook (chibakera chochokera m'mbali) ndi uppercut (chochokera pansi) zimagwetsa anthu kuposa chibakera cholunjika pamphumi, ngakhale chapamphumicho chikhale champhamvu. Chakuseri kwa khutu chili ndi vuto lakelake, chifukwa m'kati mwa khutu ndi momwe muli tiziwalo tothandiza munthu kuima osadzandira.

Fupa likathyoka limalumikizana. Khungu la m'manja likamakhuzika limachita zikang'a n'kulimba. Ubongo sutero. Ukagwedezeka, maselo ake amafuna mphamvu zambiri kuti akonze zomwe zasokonekera, pomwe magazi opita kumeneko amakhala atachepa, ndipo izi zimatenga masiku, nthawi zina masabata angapo, ngakhale iwe ukudzimva kuti wachira. M'nyengo imeneyi chibakera chaching'ono chimawononga zomwe chachikulu sichikanawononga. Timitsempha toduka sitimeranso monga tinalili, ndipo madokotala anaona kale kuti munthu amene wagwedezeka ubongo kamodzi savuta kugwedezekanso. Tsono aphunzitsi omwe amauza anyamata kuti atsitse manja, azimenyedwa kuti mutu uzolowere, akuwapha pang'onopang'ono. Mutu suzolowera nkhonya ngakhale pang'ono.

Palinso china chimene chimatha nthawi yomweyo, ndicho maso ndi miyendo. Chibakera chomwe wachiona chikubwera umachikonzekera: khosi limalimba, mano amalumana, mutu umatsatira komwe chikupita. Chomwe chimagwetsa ndi chosachiona. Zaka zikamapita, ndiponso zibakera zikamachuluka m'mutu, umachedwa pang'ono kuona phewa la mnzako likusuntha. Ndiye zimakumana ziwiri: ukumenyedwa bwinobwino kawirikawiri, pomwe ubongo ukupirira zochepa.

Gulu lako la heavyweight ndiye loopsa pa zonsezi. Limayambira pamwamba pa makilogalamu 90.7 ndipo lilibe polekezera, choncho ukhoza kukumana ndi munthu wa makilogalamu 115 atavala magolovesi a 10 oz, omwe sakwana n'komwe magalamu 300. Thupi lako ndi lalikulu, koma ubongo wako ndi wofewa chimodzimodzi ndi wa kamnyamata ka makilogalamu 52.

Taona Roy Jones Jr. Mpaka 2003, pomwe analanda lamba wa heavyweight wa bungwe la WBA kwa John Ruiz, palibe anali atamugonetsapo pansi mpaka kulephera kupitiriza. Anatsitsa thupi kubwerera ku makilogalamu 79, ndipo mu 2004 Antonio Tarver anamugwetsa ndi chibakera chimodzi m'raundi yachiwiri. Patangotha miyezi inayi Glen Johnson, yemwe sankadziwika ngati wa dzanja loopsa, anamukomola m'raundi ya 9. Miyezi inayiyo inali yochepa. Deontay Wilder anamenya nkhonya 43 osagonja. Tyson Fury anamumenya mpaka masewero anaimitsidwa mu 2020, n'kumugwetsanso katatu mu 2021, ndipo pofika 2024 Zhilei Zhang anamumaliza m'raundi yachisanu.

Ndikudziwa kuti unditchulira George Foreman, yemwe anatenga lamba mu 1994 ali ndi zaka 45 atagwetsa Michael Moorer. Werenga bwino zaka zake. Anasiya nkhonya mu 1977 n'kudzabwerera mu 1987. Zaka khumi zathunthu mutu wake sunalandire chibakera. Chomwe chimadya chibwano kwambiri ndi chiwerengero cha zibakera zomwe zalowa, kuposa zaka zobadwa. Unditchuliranso Wladimir Klitschko, amene Corrie Sanders wa ku South Africa anamugwetsa mu 2003 ndipo Lamon Brewster anamuimitsa mu 2004, koma kenako sanagonjenso mpaka 2015. Chibwano chake sichinachire ayi, poti Samuel Peter anamugwetsa katatu mu 2005. Chinasintha n'chakuti mphunzitsi wake Emanuel Steward anamuphunzitsa kuima patali ndi jab (chibakera cholunjika cha dzanja lakutsogolo), kukumbatira mdani akayandikira, ndi kusalola kumenyedwa. Kwathu kuno uli ndi chitsanzo cha Isaac Chilemba, yemwe anamaliza maraundi onse 12 ndi Sergey Kovalev mu 2016 komanso ndi Dmitry Bivol mu 2018, ndipo chinamufikitsa kumeneko ndi luso lozemba.

Chimene chimandisowetsa tulo kwambiri ndi anthu a chibwano cholimba. Wogwa msanga amalandira zibakera zochepa, masewero n'kutha. Wosagwa amaima n'kulandira zonse. Muhammad Ali palibe anamuwerengera mpaka 10 pa moyo wake wonse, ndipo n'chifukwa chake mu 1980, ali ndi zaka 38, anaima maraundi khumi akusambitsidwa zibakera ndi Larry Holmes mpaka mphunzitsi wa Ali, Angelo Dundee, analetsa. Jerry Quarry, yemwe anamenyana ndi Ali komanso Joe Frazier, ankatamandidwa chifukwa chopirira. Anamwalira mu 1999 ali ndi zaka 53, atafika posatha kudzisamalira yekha chifukwa cha matenda a ubongo. Matendawa si achilendo. Dokotala wina wa ku America, Harrison Martland, anawalongosola mu 1928: munthu wankhonya woyenda ndi kulankhula ngati waledzera asanalawe mowa.

Tsono nazi zoti uchite, ndipo ndiyambira ku jimu chifukwa ndi komwe mutu umathera. Pa chaka umamenya nkhonya zitatu kapena zinayi, koma sparring, kumenyana koyeserera kuja, umachita maraundi mazanamazana popanda dokotala, popanda woimbira, popandanso malipiro. Sparring yamphamvu izikhala kamodzi pa sabata, m'masabata asanu ndi limodzi okonzekera nkhonya okha, ndipo uziisiya kutatsala masiku khumi. Masiku ena onse uzichita yopepuka yongogundana, yapathupi pokha, mapadi a m'manja mwa mphunzitsi ndi chikwama chomenya. Magolovesi a sparring akhale a 16 oz kapena 18 oz, ndipo uziwafinya ndi chala: siponji ikaphwa moti ukumva mafupa a dzanja, ataye. Chipewa choteteza mutu chimaletsa mabala ndi kutupa, koma sichiletsa ubongo kugwedezeka, ndipo chimatchinga maso m'mbali. Paja amuna anamenya opanda zipewa pa Olympics ya ku Rio mu 2016. Gula kabuku, uzilembamo tsiku, maraundi, amene unachita naye, ndi momwe mutu unalili usiku wake.

Khosi ndi lokhalo lomwe ungalilimbitse, ndipo limathandiza pang'ono pochepetsa kupotoka kwa mutu. Ika chikhatho pamphumi, kankha mutu osalola kuti usunthe kwa masekondi 10, kasanu. Chita chomwecho kunkhongo ndi mbali zonse ziwiri, katatu pa sabata. Zoimirira pamutu n'kumagudubuza khosi uzisiye, thupi la makilogalamu 100 limawononga mafupa a khosi. Choteteza mano chikhale chokukwana bwino, chopangidwa ndi dokotala wa mano ngati ungathe, chifukwa chokhwepa chimakuchititsa kuyasama, ndipo nsagwada yoyasama sichedwa kuthyoka. Kutentha kwa mu Okutobala uzimwa madzi okwanira mpaka mkodzo uyere. Ukadwala malungo usakwere m'bwalo kufikira utamaliza mankhwala ndipo mphamvu zabwereramo, poti munthu wotopa amatsitsa manja.

Ukagwetsedwa, malamulo a mabungwe ambiri amati upume masiku osachepera 30 ngati woimbira waimitsa masewero, ndi 60 ngati wawerengeredwa mpaka 10. Masiku amenewa akutanthauzanso sparring, osati nkhonya yapagulu yokha, ndipo apa ndi pomwe ambiri amabera. Amenewo ndi ochepetsetsa, ine ndikuti uziwonjezera. Pobwerera uzikwera pang'onopang'ono: tsiku limodzi kapena awiri kupumuliratu, kenako kuyenda, kenako kuthamanga pamalo athyathyathya osati chitunda cha Ku Chawe, kenako chikwama, kenako mapadi. Sitepe iliyonse itenge tsiku lathunthu kapena kuposa, ndipo mutu ukayambanso kuwawa kapena chizungulire chikabwera, bwerera pambuyo. Sparring ibwere dokotala atakuona.

Mawu otsatirawa uwawerengere mkazi wako. Usiku wa nkhonya, wapambana kapena wagonja, usagone m'nyumba wekha kwa maola 24, usamwe mowa, usayendetse galimoto. Mutu ukamawawa imwa panado, osati aspirin kapena brufen, chifukwa amenewa amachititsa magazi kuchedwa kuundana. Pakati pa ubongo ndi chikopa chake pali timitsempha ta magazi tomwe timatha kung'ambika, ndipo munthu amatha kulankhula bwinobwino kwa maola angapo magazi akusonkhana m'mutu. Akaona mutu ukunka nuwawirawawira, kusanza mobwereza, tulo tovuta kudzutsa, mboni ya diso limodzi yakula kuposa inzake, mkono kapena mwendo wafooka, kubwebweta kapena kukomoka ngati khunyu, asadikire kuti kuche. Athamange nawe ku Zomba Central, kapena chipatala chachikulu chomwe chili pafupi, ndipo anene msanga kuti wamenyedwa m'mutu pa nkhonya. Opaleshoni ya ubongo imachitikira ku Queens ku Blantyre, ulendo woposa ola limodzi kuchokera kuno, ndiye mphindi iliyonse yotayika kunyumba ndi yamtengo wapatali. Pa chifukwa chomwechi, nkhonya yomwe ilibe chilolezo cha Malawi Professional Boxing Control Board, dokotala pambali pa zingwe ndi ambulansi panja, uikane ngakhale ndalama zake zikhale zokopa.

Za nthawi yosiya uzigamule tsopano mutu uli bwino, chifukwa chiwalo chomwe chimayenera kuona kuti zinthu zalakwika ndi chomwecho chikuwonongeka. Gwirizana ndi mkazi wako komanso mphunzitsi wako kuti akanena kuti basi, ndiye basi. Zizindikiro zake n'zodziwika: miyendo kunjenjemera ndi jab wamba, kugwa pa sparring ndi magolovesi akuluakulu, mutu kuwawa mpaka tsiku lotsatira, kuiwala zomwe watumidwa kumsika, lilime kulemera, kupunthwa poyenda, kupsa mtima ndi ana pa tinthu tating'ono. Kukomoka kawiri m'miyezi 12 kukhale polekezera, popanda kukambirana.

Uchenjerenso ndi mafoni okuitanira kunja kwa dziko kutatsala masabata awiri. Okonza masewero amadziwa msanga kuti chibwano cha uje chayamba kutha, ndipo amafuna munthu wotero, wa dzina lodziwika, kuti mnyamata wawo akwererepo. Akamakupatsa ndalama zambiri kuposa zomwe unkalandira uli pachimake, dziwa kuti akulipira kugwa kwako.

Pa nkhonya yomwe akukunyengerera ya mwezi wamawa, yankho langa n'lakuti ayi. Wagwa kawiri motsatizana, ndipo masiku 60 sanakwane. Bwera kuno kumapeto kwa mwezi pamodzi ndi mkazi wako, tipite limodzi ku Central ukaonane ndi dokotala, timupemphe kalata yokaunikitsa mutu ku Blantyre. Ubwere ndi magolovesi ako a sparring ndidzawafinye ndekha.

Upereke moni kwa mpongozi wanga ndi adzukulu.

Ndine bambo ako.