Lipoti la msonkhano: KCO, kukha magazi m'mapapo ndi ayironi wotsalira

A Wapampando ndi anzathu nonse,

Munatituma kukamva za kuyeza kwa DLCO (mlingo wa mmene mpweya umadutsira kuchoka m'mapapo kulowa m'magazi) ndi KCO (DLCO yomweyo pa lita iliyonse ya mpweya wa m'mapapo) pa odwala amene akukha magazi m'mapapo. Nazi zimene tabwera nazo.

Wodwala amatulutsa mpweya wonse, kenako amakoka mwachangu mpweya wosakaniza wokhala ndi 0.3 peresenti ya carbon monoxide komanso helium kapena methane, n'kuugwira masekondi 10. Mpweya woyamba kutuluka, pafupifupi lita imodzi, umatayidwa poti sunafike m'timatumba ta mpweya. Wotsatirawo ndi umene makina amayeza. Pazidutsa mphindi 4 asanabwereze, ndipo asapitirire kasanu.

Carbon monoxide amamatirira ku hemoglobini, chonyamula okosijeni m'maselo ofiira a magazi, kuposa okosijeni maulendo oposa 200, ndipo sasankha kuti hemoglobiniyo ili mumtsempha kapena yatayikira m'timatumba. Magazi akangokha kumene, mpweyawu umamwedwa wambiri ndipo KCO imakwera, pomwe matenda ambiri a m'mapapo amaitsitsa. Ikakwera ndi 30 peresenti kuposa mmene imakhalira kwa munthu yemweyo, tiganizire magazi. Phindu lake lili apa: pa ekisire magazi, chibayo ndi madzi zimafanana, ndipo pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu satsokomola magazi n'komwe.

Tinakhalitsa pa zimene zimanamiza. Wokha magazi amakhala ndi hemoglobini yochepa m'thupi, zimene zimatsitsa nambala n'kubisa kukwera kuja. Choncho Hb (mlingo wa hemoglobini, mu g/dL) iyezedwe tsiku lomwelo ndipo zotsatira zikonzedwe: kwa amuna, kuchulukitsa ndi (10.22 + Hb) ÷ (1.7 × Hb), kwa akazi ndi ana 9.38 alowe m'malo mwa 10.22. Wosuta fodya m'mawa womwewo nayenso amatsitsa nambala. Nthawinso ndi yochepa, chifukwa pakatha maola pafupifupi 48 KCO imabwerera mwakale. Kunena zoona, amene tikufunitsitsa kumuyeza nthawi zambiri ndi wabefu, wosatha kugwira mpweya masekondi 10, ndiye kuyezaku sikungalowe m'malo mwa kutsuka mapapo ndi bronchoscope, kachubu koonera m'mapapo.

Magazi aja sazimiririka basi. Maselo oyeretsa m'mapapo otchedwa makirofeji amameza maselo ofiira, ndipo pakapita masiku awiri kapena atatu amaoneka ndi hemosiderini (ayironi wotsalira wa maselo ofiirawo), imene imasanduka yabuluu ikathiridwa utoto wa Perls. Maselo otere akafika 20 pa 100 alionse m'madzi otsukira mapapo, ndiye kuti magazi anakhadi. Kukhako kukamabwerezabwereza, mapapo amachita zipsera ndipo DLCO imatsika, osakweranso.

Tisasokoneze izi ndi ayironi wochuluka wa munthu woikidwa magazi kawirikawiri, amene amalandira mamiligalamu 200 mpaka 250 pa paketi iliyonse n'kumaunjikana m'chiwindi ndi mumtima. Uyo amafunika mankhwala ochotsa ayironi, deferasirox kapena deferoxamine. Koma pa idiopathic pulmonary haemosiderosis (kukha magazi m'mapapo mobwerezabwereza popanda chifukwa chodziwika), imene imagwira kwambiri ana, ayironi amatsekeredwa m'mapapo thupi likumusowa, ngakhale ferritin (muyezo wa ayironi wosungidwa m'thupi) ioneke yabwinobwino. Mwana wotere amafunika kuletsa kukhako, kawirikawiri ndi ma steroid, ndi kumubwezera ayironi.

Tikupempha gulu livomereze kuti fomu ya DLCO ikhale ndi malo olembapo Hb ndi ola limene wodwala anasuta komaliza. Odwala Goodpasture, lupus ndi ANCA vasculitis, matenda a chitetezo cha thupi amene angakhetse magazi m'mapapo, aziyezedwa KCO ali bwino, kuti tsiku la vuto pakhale nambala yoyerekezera.

Ndife nthumwi zanu.