Musanamuthamangitse dalaivala, onani kaye valavu ya matanki

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anzanga a mapikapu akalekale a matanki awiri aja, ma Land Cruiser a dizilo ndi ma Ford ochokera ku Joni. Yanga ndi Land Cruiser ya injini ya dizilo yotchedwa 1HZ, imatuta nthochi ku Thyolo kubwera nazo ku Limbe, ndipo amayendetsa ndi mwana wa achemwali anga.

Mwezi wathawu ndinatsala pang'ono kumulanda makiyi mnyamatayu. Tagona pa mzere wa mafuta masiku awiri, tadzadza matanki onse, koma maulendo awiri okha geji ya thanki yaikulu yagwa kale pansi, ine mumtima ndinangoti basi wapopa ameneyu wakagulitsa kwa anyamata a zigubu. Ndinamulalatira pamaso pa anthu.

Makaniko wina ku Ndirande ndi amene anandichotsa chimbuuzi m'maso. Injini ya dizilo siwotcha mafuta onse amene yakoka, ena amabwerera ku thanki kudzera pa paipi ya ritani. Ndiye ukadina switchi ya pa dashibodi yosankhira thanki, valavu imene imatsegula ndi kutseka mapaipi a matanki imayenera kusintha zonse pamodzi, kokoka ndi kobwezera. Kwathu mbali yobwezera inali itauma, galimoto imakoka m'thanki yaikulu n'kumathira m'thanki inayo yomwe inali yodzadza kale, mafuta n'kumasefukira mumsewu. Fungo la dizilo lija tinkalimva ndithu koma tinkangoti aa galimoto yakale imanunkha choncho.

Chimene chikundidandaulitsa n'choti ambiri valavu ikavuta akumangoichotsa n'kuikapo kampopi ka madzi kogula ku hadiweya. Abale, labala ya m'kampopi ka madzi sinapangidwire dizilo, imafufuma n'kuyamba kudontha, komanso ngati mwaika pa paipi yokoka yokha ritani mwaisiya, vuto lija likadalipo. Yambani mwaona fyuzi, mawaya ndi efu (waya wolumikiza ku chitsulo cha galimoto), nthawi zambiri ndi dzimbiri chabe pa pulagi chifukwa valavuyo imakhala kunsi kumatope. Tsegulani kiyi, wina adine switchi inu mutchere khutu pansi pa galimoto, valavu ikamagwira imamveka kuti tha.

China, switchi imeneyi muziidinako pafupipafupi, osati kudikira tsiku limene thanki yauma. Ikakhalitsa osagwira ntchito ndi pamene imakakamira. Ndipo dizilo akathera mumapaipi injini imakoka mpweya, mudzapezeka mukupopa kapampu ka pa fyuluta thukuta lili kamukamu pa chitunda cha ku Thabwa malole akukuimbirani hutala kumbuyo. Zinandichitikirapo, sindikufunanso.

Akuba mafuta alipo, sindikukana, koma wanga uja sanabe ngakhale lita imodzi. Ndinamupepesa ndipo iye anangoseka n'kuti palibe kanthu amalume, koma mayi ake mpaka lero sakundiyankha foni.

Wowerenga wanu,
Chilomoni, Blantyre